Tsiku Limene Ndinahonga Kapitawo

Mboni zanga ndi zitatu. Yoyamba ndi mlongo wanga Esinati, amene pano amagulitsa nthochi pa Masambanjati. Yachiwiri ndi a Mulipa, omata machubu a njinga pa Luchenza. Yachitatu ndi malemu bambo anga. Iwowa sangayankhe, komabe mpaka lero sanatsutsepo.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala m'nyumba za kampani pa esiteti ya tiyi. Tinali ndi galu wofiirira wa khutu limodzi logwa. Bambo anamutcha Kapitawo, chifukwa sankathyola tiyi koma ankauza othyola zochita.

Ntchito yake inali nyengo. Mvula ikamayandikira ankaimika mphuno chakum'mawa, n'kununkhiza katatu, kenako n'kukalowa kunsi kwa bedi la bambo. Bambo ankati galu amamva fungo la dothi lonyowa ndi kugunda kwa mabingu ife tisanamve kanthu. Ine ndikuti Kapitawo ankamva chiperoni, mvula yowaza yozizira ija, chikadali ku Mozambiki chikumanga katundu. Wailesi ikalengeza dzuwa iye ali kunsi kwa bedi, madzulo ake wailesiyo inkalankhula motsitsa mawu. Ndikulumbira.

Othyola tiyi podutsa m'mawa, madengu ali kumsana, sankatipatsa moni. Ankangofunsa kuti a Kapitawo ali pati. Akamva kuti kunsi kwa bedi, ankabwerera kukatenga mapepala apulasitiki ofunda.

Mayi sankakonda agalu. Ankati pakhomo pa ana asanu palibe chakudya cha mlendo wa miyendo inayi. Ankangomulekerera chifukwa cha makaka awo. Akasenda chinangwa n'kuyanika pathandala, galuyo ndiye ankanena nthawi yoanula.

Loweruka lina m'nyengo yozizira bambo analonjeza kundikweza njinga kukaonera mpira ku Luchenza. Mayi ndi Esinati anali atalawirira kumaliro. Lamulo linali lakuti galu akalowa m'nyumba, ine nditsale ndianule makaka. Kumwamba kunali mbee, koma nditasuzumira kunsi kwa bedi ndinaona maso awiri akundiyang'ana.

Ndinatsegula chitini cha mayi n'kutapamo mitu ya usipa. Ndinaiyala umodziumodzi kuchokera pabedi mpaka pakhonde. Kapitawo anatuluka chokwawa, akunjenjemera, nkhope ili ngati ya munthu amene akusaina kalata yomwe sanawerenge. Bambo atamuona pakhonde anati a Kapitawo avomereza, tiyeni.

Chiperoni chinatipeza mpira usanafike n'komwe pakati. Chinakhala masiku atatu, mizere ya tiyi osaoneka, utsi wa kufakitale osaoneka. Makaka tinaanula atanyowa kale, ndipo posowa dzuwa anada n'kumera ndevu. Ena mwa makakawo akanatha kulembedwa ntchito yaulonda.

Mayi sanakalipe. Anangoti galu wakalamba, wayamba kunama, apite kwa a Mulipa amene ankafuna galu wolondera shedi yawo. Othyola tiyi, amene ananyowa tsiku lija, anayamba kudutsa osafunsa. Kapitawo ankawagwedezera mchira, iwo osacheuka.

Lachitatu m'mawa bambo anamumanga chingwe m'khosi. Sanatsutsane ndi mayi, koma mfundo imodzi anaimanga nthawi yokwanira kumanga mbuzi khumi. Ndinawatsatira mpaka pamene munda wa tiyi umathera. Pamenepo ndinaulula zonse, za bedi, za chitini, za mpira.

Bambo anaima, n'kuyang'ana galu, kenako ine.

"Mitu ingati?"

"Isanu ndi iwiri."

"Galuyu wayesetsa. Ena amagwa ndi umodzi."

Anamasula chingwe n'kundipatsa kuti ndikachipereke kwa mayi ndi manja anga, ndikafotokoze ndi pakamwa panga. Chigamulo cha mayi chinali chachifupi. Makaka andevu aja ndinadya ndekha mpaka anatha, ndipo ndiwo zanga za sabata yonse zinapita kwa Kapitawo. Anadya akundiyang'ana. Mawa lake mayi anandiimika pamsewu kuti ndiuze othyola tiyi, mmodzimmodzi, kuti wabodza ndine. Gogo wina anandikoka khutu, kenako anagwada n'kupepesa kwa galu.

Pano ndakula, ndipo nyengo ndimaonera pafoni ngati wina aliyense. Koma ndinazindikira kuti Kapitawo sananame tsiku lija. Ananena zoona ali kunsi kwa bedi, ndipo ine ndinamva bwinobwino. Kungoti iye anali ndi njala, ine ndinali ndi usipa.