Nkhata ya Mayi Wamasiye

Nditapuma ntchito ya ukalaliki ku Limbe, anthu a m'dera lathu ku Manja anandisankha kukhala mlembi wa komiti ya maliro. Anati ndimadziwa kusunga zinthu, ndipo sananame. Mpaka lero mapulogalamu a maliro onse amene ndinapitako ali m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, pamodzi ndi malisiti a madzi ndi makalata akale a kuntchito. Koma za munthu amene ndikufuna kunena pano mapepalawo sanena kanthu. Amangomutchula kuti tcheyamani.

Anali bambo wamtali, wovala bwino, wa mawu okoma. Kukagwa zovuta, iye ndiye ankayamba kufika pasiwa. Tenti, mipando, galimoto yonyamula bokosi, zonse zinkadutsa m'manja mwake. Anthu ankati ndi wodzipereka, ndipo poyamba inenso ndinkaganiza choncho.

Chinayamba kundidabwitsa ndi mbiri ya womwalira. Mwambo wake ndi wakuti wachibale ndiye amaiwerenga. Koma iye ankapita kwa anamfedwa mwakachetechete n'kunena kuti, "Inu muli ndi chisoni, mundipatse ndikuthandizeni." Akaigwira, ankawerenga mizere yoyamba monga inalembedwera, kenako n'kupinda pepalalo. Apo ndiye tinkamva kuti malemuwo ntchito anawapezera ndi iye, ukwati wawo anaukonza ndi iye, ndipo asanatsirizike anaitanitsa iye. Akufa onse a ku Manja, amuna ndi akazi, a mpingo uwu ndi uwo, ankafa akuitana munthu mmodzi yemweyo.

Kenako ndinaona zimene zinkachitikira aliyense woyamikiridwa iye ali pomwepo. Mayi wina mphunzitsi anatsogolera nyimbo bwino pa maliro ena, abusa n'kumuthokoza pagulu. Pamsonkhano wotsatira tinauzidwa kuti mayiyo ndi wonyada, salemekeza akuluakulu, ndipo asadzatsogolerenso. Mlembi amene ndinalowa m'malo mwake ankatchedwa m'bale weniweni wa tcheyamani mpaka tsiku limene anamukonza tcheyamaniyo pa dzina la mudzi wa womwalira. Kuyambira pamenepo ankadutsana pamsika ngati sadziwana.

Kulira ankalira, mokweza ndithu. Koma ankalira maso a anthu akakhala pa iye. Akatembenukira kwina, misozi inkauma, n'kuyamba kufunsa kuti mpando wake auika pati. Sindinamumvepo akufunsa wamasiye kuti wagona bwanji.

Mwana wanga wamkazi ndi namwino. Tsiku lina atabwera kudzationa kuchokera ku Kanjedza kumene amakhala, ndinamufotokozera zonsezi ndili wokwiya.

"Adadi," anatero, "si misala ayi. Munthu wotero amadziwa tsiku, amadziwa njira, ntchito amagwira. Koma alipo anthu amene vuto lili m'khalidwe lawo lenilenilo, ndipo achipatala amalidziwa."

"Ndiye akudwala chiyani?"

"Kumupatsa dzina la matenda si kwa inu kapena ine, sitinamuyeze. Inu muzingoona izi: kodi amatero kulikonse, kwa aliyense, chaka ndi chaka? Akalakwa amavomera? Ululu wa mnzake amaumva? Tonsefe timadzikonda nthawi zina, koma timasiya manyazi akatigwira."

"Uyu manyazi samugwira."

"Ndiye musayembekezere kuti ulemu umukhutitsa. Mukamupatsa wochuluka, adzafuna wina."

Patapita nthawi, mnansi wanga anamwalira. Anali mmisiri wa matabwa wochokera ku Nsanje, wokhala ndi kashopu ku Mbayani, kumene ankapita wapansi mpaka miyendo inamukana. Anadwala nthawi yaitali, ndipo amene anamusamalira ndi mkazi wake, mayi wofatsa amene ankasoka zovala pakhonde. Asanamwalire ananena chinthu chimodzi: mbiri yake adzawerenge ndi mwana wake wamkazi woyamba.

Mayi wamasiyeyo anatiuza zimenezi ife a komiti titakhala pamphasa. Tcheyamani anamwetulira.

"Palibe vuto, mayi. Mawu a malemu ndi lamulo."

M'mawa wa tsiku loika, tenti sinabwere. Mipando sinabwere. Titatumiza uthenga, yankho linali lakuti galimoto yawonongeka ndipo tcheyamani mutu ukumupweteka. Anthu anali atayamba kale kudzaza pabwalo, dzuwa likukwera. Akuluakulu a komiti anasonkhana kuseri kwa nyumba, ndipo aliyense ankadziwa chimene chinawononga galimotoyo.

Mkulu wina anati, "Timupepese. Mbiri awerenge mwanayo, koma kuitana nkhata kumanda timupatse iyeyo."

Ndinawauza kuti munthuyu sagawana ulemu ndi wina, ndipo chimene wamanidwa pano adzachilipiritsa kumeneko.

"Achimwene, mumamudziwa, ndi mmene alili," anatero mkuluyo. "Muponyereni kafupa aziluma, ife tiike maliro."

Onse anaseka pang'ono, monga amasekera amuna kuseri kwa siwa, ndipo nkhani inatha. Uthenga unapita. Posakhalitsa galimoto yowonongeka ija inafika ndi tenti, tcheyamani atakhala kutsogolo, atavala suti yakuda, mutu utasiya.

Mtsikanayo anawerenga mbiri ya bambo ake. Sanadumphe kanthu. Pomaliza ananena mawu ochepa m'Chisena, amene bambo ake ankawauza akamachoka m'mawa, ndipo azimayi a kwawo kuchigwa analira onse pamodzi. Abusa poyamba ulaliki anati sanamvepo mbiri yowerengedwa bwino chotero. Ine ndinayang'ana tcheyamani. Pakamwa pankamwetulira, koma nsagwada zinali zitauma.

Tsopano, dongosolo la nkhata palibe amene salidziwa. Adzukulu akamaliza kuumba mtumbira, woyamba kuitanidwa ndi mkazi kapena mwamuna wa malemu, ndipo nkhata yake imakhala kumutu. Kenako ana, makolo, abale, mpingo, akuntchito, ena onse pambuyo. Papulogalamu ya tsikulo ndinalemba ndekha motero, ndipo iye anali nayo m'manja.

Anayamba ndi mpingo. Anthu anayang'anana, koma ena anaganiza kuti mwina akulemekeza abusa. Kenako anaitana komiti ya maliro, n'kunyamula nkhatayo iye mwini, n'kuiika kumutu. Ataimirira pomwepo anatikumbutsa kuti malemuwa makina awo oyamba opalira matabwa anawapeza ndi malangizo ake. Kenako anaitana amisiri a ku Mbayani. Kenako anansi. Kenako ana.

Mayi wamasiye anali atakhala pansi pafupi ndi manda, azimayi awiri atamugwira m'mapewa, nkhata ili pamiyendo. Maluwa ake anasankha yekha dzulo lake. Dzina lililonse likamayandikira ankadzutsa thupi kuti aimirire, n'kukhalanso.

Ndinapita pafupi ndi tcheyamani n'kumunong'oneza. "Mayi aja simunawaitane."

"Ntchito yanga ndimaidziwa, a mlembi," anayankha osandiyang'ana, n'kuitana akomiti a m'madera oyandikana nafe.

Amene analephera kupirira ndi mng'ono wa malemu, amene anabwera usiku wonse kuchokera kumudzi. Anakuwa ali kumbuyo kwa gulu: "Kodi alamu athu mwawakwirira limodzi m'mandamo?"

Tcheyamani anagwira pachifuwa.

"Aaa, pepani, abale anga, pepani. Chisoni chandisokoneza. Munthu wagona apayu anali ngati wobadwa naye bere limodzi."

Ndipo analira. Analira mpaka bambo wina anapita kukamugwira mkono. Ndinamva mayi wina pambali panga akuti, "Ndi chisoni, amakondana kwambiri." Sankakondana. Mmisiriyo ankamupatsa moni wa pamsewu basi, ndipo pa matenda onse aja tcheyamani sanapondepo pakhomopo. Koma kwa kanthawi manda onse ankatonthoza iye, mayi wamasiye akudikira ndi nkhata m'manja.

Atapukuta m'maso ndi mpango, anaitana kuti, "Mkazi wa malemu," ndi mawu omwewo amene anaitanira anansi.

Mayiyo anaimirira. Pamtumbira panali patadzaza. Anapita kumutu, anapeza nkhata ya komiti, yaikulu kuposa zonse, ili ndi riboni. Anaima pamenepo pang'ono. Palibe amene anaisuntha, chifukwa nkhata ikaikidwa siichotsedwa anthu akuona. Anazungulira mbali ina, kenako mbali inayo, akufunafuna malo ngati mlendo wofika mochedwa mu tchalitchi. Malo anawapeza kumapazi, m'mphepete, pa dothi lofiira. Anagwada n'kuiika, koma inayamba kutsetsereka. Anaibweza, n'kuigwirizira ndi dzanja mpaka inakhazikika. Azimayi aja anamudzutsa, abusa n'kupereka mdalitso.

Ndaona maliro ambiri osokonekera. Ndaona bokosi likukana kulowa m'manda, mvula ikubalalitsa anthu, abale akukanganirana katundu mtembo uli m'nyumba. Zimenezo ndi ngozi kapena umbombo, ndipo anthu amazitchula ndi maina ake. Koma ichi palibe amene anachitchula. Anthu athu amazindikira msanga woledzera, wakuba ndi wamisala wovula zovala pamsewu. Munthu waukhondo, wodziwa mavesi, wofika msanga pasiwa, angabaye wamasiye pamaso pa gulu lonse, iwo n'kumupatsa madzi akumwa kuti mtima ukhale pansi.

Tikutsika kubwerera ku galimoto, tcheyamani anandipeza n'kundigwira pachigongono ngati bwenzi. Nkhope inali yowala, yopanda chizindikiro choti analira.

"Mwaona mmene ndaupulumutsira mwambowu, a mlembi? Mtsikana uja akanatichititsa manyazi ndi Chisena chakecho. Mukawauze anamfedwa kuti asavutike ndi kundithokoza pagulu, angobwera kunyumba."

Ndinamuyang'anitsitsa kuti ndione ngati akunyoza. Sankanyoza. Ankakhulupirira mawu ake onse.

Mayi wamasiye anali patsogolo pathu pang'ono, akuyenda pakati pa azimayi aja, maondo a chitenje chake ali ofiira ndi dothi. Anamva zonse. Sanatembenuke, ndipo kunyumba kwa tcheyamani sanapiteko. Mwambo wa nkhata subwerezedwa, choncho yake inaumira kumapazi komweko.