Kaseti ya Achimwene pa Wailesi ya Amastandi

Kaseti ija inabwera ndi munthu wa kwathu ku Ntcheu amene ankayenda ndi katundu pakati pa Malawi ndi Joni. Anatipeza ku Olievenhoutbosch, kumene ine ndi amuna anga tinkachita lendi kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya eni. Mwana wathu woyamba anali atangoyamba kukwawa. Mlendoyo anatulutsa nyemba ndi mtedza zimene amayi anatitumizira, kenaka anapisa dzanja m'thumba la jekete.

"Ichi akuti ndikupatseni inuyo m'manja. Achimwene anu atulutsa chimbale."

Ndinakuwa mpaka mwana anadzidzimuka. Ine si munthu wokuwa ayi, koma tsiku limenelo mawu anangotuluka okha. Pachikuto panali chithunzi cha anyamata ataima kutsogolo kwa mpanda wa maluwa. Achimwene anali pakati, atakumbatira gitala, atavala jekete limene ndinalizindikira nthawi yomweyo. Linali la amalume, la pa ukwati wao, ndipo manja ake anali aatali kuposa a mwini chimbale.

"Pali mawu enanso," anatero mlendo uja. "Akuti mumvere, ndipo anthu a kuno amvenso. Akati n'zabwino, apitiriza kuimba. Akaseka, muwauze osabisa. Agulitsa gitala n'kubwera kuno, mudzawapezere gadeni."

Apa chimwemwe changa chinasakanikirana ndi mantha. Gadeni ndinkaidziwa. Amuna anga ankagwira ntchito ya m'gadeni ku Waterkloof, ndipo ankabwera madzulo zala zitang'ambika ndi minga ya maluwa a azungu. Sindinafune kuti zala za achimwene zithere mmenemo. Komanso sindikanawanamiza. Kuyambira tili ana, ndikanama ankandigwira ndi mawu okha.

Vuto linali lakuti tinalibe wailesi ya kaseti. Pabwalo lonselo inali imodzi, ya amastandi. Ndi mmene tinkawatchulira eni malo amene tinkawalipira lendi. Amastandi athu anali bambo wamkulu thupi, wa mawu ngati lole. Agogo ao anachoka ku Malawi kalekale kudzagwira ntchito m'migodi, ndipo amastandiwo anabadwira ku Joni konko. Kumudzi anali asanapondeko. Chichewa ankachikonda, koma chinali chodukaduka, chodzaza ndi Chizulu.

Wailesi yao inali yaikulu, yolowa makaseti awiri, ndipo palibe amene ankaikhudza. Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi ankaitulutsa n'kuiika pa mpando pansi pa mtengo wa pichesi. Ankaotcha nyama, azibambo a m'zipinda za kuseri, onse ochokera ku Malawi, n'kukhala mozungulira pa makreti. Lamulo lao linali limodzi: pamenepo pankalira zimbale zoyamba zokhazokha.

"Alibamu yoyamba munthu amaimba ali ndi njala," ankatero. "Yachiwiri amaimba atakhuta, atagula suti. Ine ya munthu wokhuta sindifuna."

Ndiye mkangano unkayambira pomwepo. Wina ankati yoposa zonse ndi ya mtsikana wina wa m'matauni a konkuno, amene mawu ake ankalasa ngati singano. Wina ankati ayi, ndi ya anyamata a kwaito amene ankamveka m'teksi iliyonse masiku amenewo. Panalinso ya munthu wa ku Zimbabwe, amene gitala lake linkayankhula ngati likudandaula, ndi ya gulu lina la rege la kwathu, imene ikalira azibambo ankangoti zii, aliyense maso pansi. Wokangana kwambiri anali bambo wina wa ku Mulanje, wopenta nyumba, woyandikana nafe chipinda. Iye chilichonse ankachipezera chilema.

Ine zonsezi ndinkamvera ndili pampopi, ndikuchapa matewera. Ndinali ndi maganizo anga. Ya ku Zimbabwe ija ndinkaikonda mpaka ndinkachedwetsa dala kutsukuluza kuti ithe ndili panja. Koma kuyankhula pamaso pa azibambo sindinkatha. Sukulu ndinalekera panjira, ndipo ngakhale m'kalasi aphunzitsi akandiloza ndinkayang'ana zala zakumapazi. Amastandi akandipatsa moni ndinkayankha monong'ona moti iwo ankafunsa amuna anga ngati ndili ndi lilime.

Ndinapempha amuna anga kuti akapereke kaseti ija.

"Iyayi, amake mwana," anatero akuseka. "Anati akupatse iwe m'manja. Ndipo jekete ili waliona? Wa ku Mulanje uja akaliona, ine ndikabisala kuti?"

"Ndi alamu anu."

"N'chifukwa chake. Akasekedwa ndili ine woperekayo, ndidzawayang'ana bwanji?"

Choncho kaseti inakhala m'chikwama cha mwana, pakati pa matewera oyera. Ndinkaitulutsa masana ndili ndekha, n'kumawerenga maina a nyimbo pang'onopang'ono, n'kumayerekeza mmene zikumvekera. Lamulungu loyamba ndinafika nayo pampopi, n'kubwerera nayo m'chipinda. Lotsatira ndinafika pafupi ndi mtengo wa pichesi, amastandi anatembenuka, ine n'kunamizira kuthamangitsa mwana. Kenaka tinamva kuti mlendo uja watsala pang'ono kubwerera kumudzi, ndipo adzafuna yankho.

Lamulungu limenelo ndinabereka mwana kumbuyo, ndinamanga chitenje mwamphamvu, ndipo ndinapita molunjika. Nyimbo ina inali itangotha. Ndinagwada chapatali pang'ono, kaseti ili m'manja koma nditaiphimba ndi nsalu.

"Abambo, ndimati... chimbale."

"Hee? Kweza mawu, sisi."

"Chimbale, abambo."

Anandiyang'ana, anayang'ana nyama, n'kuitana akazi ao m'nyumba. "Mama! Sisi akufuna mbale. Mpatseni yaikulu, akuti chimbale. Eish, lero watsegula pakamwa chifukwa cha nyama!"

Azibambo anagwa ndi phwete. Wopenta uja anachita kutsika pa kreti. Akazi a amastandi anatulukadi ndi mbale yaikulu ya malata. Ine ndikanathawa ndi manyazi, koma amuna anga anaimirira akupukuta misozi.

"Ayi, amastandi. Kwathu alibamu timati chimbale. Akuti ali ndi alibamu."

"Alibamu ndi chimbale? Chodyeramo?"

"Malekodi akale aja sankaoneka ngati mbale?"

Amastandi anaomba m'manja. "Agogo sanandiuze zimenezo! Chimbale! Bweretsa kuno chimbale chako. Cha ndani?"

"Cha achimwene anga."

"Choyamba?"

"Choyamba, abambo."

"Ndiye chilowa."

Chikuto chinayenda m'manja mwa anthu. Chitafika kwa wopenta, anachiyandikitsa kumaso. "Amayi, achimwene anuwo manja ali nao? Ndikuona jekete lokha likuimba gitala." Anthu anasekanso. Amastandi analowetsa kaseti, anatseka kachitseko, n'kudina.

Poyamba kunangomveka phokoso ngati mvula ya patali. Kenaka nyimbo inayamba. Inali yochedwa, ya mapemphero, ndipo mawu a achimwene ankamveka ngati akuimbira m'chipinda china. Ankanjenjemera. Ndinadziwa kuti ali ndi mantha, chifukwa mantha athu ndi amodzi.

"Ng'omazo ndi ng'oma kapena makatoni?" anafunsa wopenta.

Palibe anagwedeza mutu kutsatira nyimboyo. Wina anayamba kukamba za mpira. Ndinaona chala cha amastandi chikuyandikira batani, ndipo m'maganizo ndinaona achimwene akutsika basi ndi kachikwama, opanda gitala. Nyimbo inatha chala chili pomwepo.

Yachiwiri inayamba ndi gitala lokha, lothamanga, lodumphadumpha. Ndinkaidziwa! Tili ana, amayi ankatikhazika m'mbali mwa msewu waukulu kugulitsa tomato. Mabasi ankadutsa osaima, ndipo ine pofuna kuiwala dzuwa ndinapeka kanyimbo kowaitana. Achimwene ankandinena nako, amati ndikuimbira matayala. Tsopano kanali apa, m'wailesi ya amastandi, katavala gitala ndi ng'oma.

"Ima basi, ima, tomato wanga wapsa ndi dzuwa," anaimba achimwene, ndipo mantha aja anali atawathera. Mawu anatuluka onse.

Sindinadziwe kuti nanenso ndikuimba. Ndinazindikira pamene wailesi inangoti zii, mawu anga n'kutsala okha pabwalo. Amastandi anali ataimitsa tepi. Onse ankandiyang'ana. Ndinagwira pakamwa.

"Unati sunaimverepo," anatero amuna anga.

"Sindinaimvere."

"Nanga waidziwa bwanji?"

"Ndi yanga. Ndinapeka ndine, tili kumsewu."

"Aaa, bodza ili!" anakuwa wopenta. "Amayi awa, amene moni amayankha ndi mphuno?"

Amastandi anakweza dzanja kuti wopenta atonthole. "Thula, wena. Sisi, ngati ndi yako, imba zimene zikubwera. Tikatero ndidina, tione."

Mwana kumbuyo ankandimenya ndi timapazi, kufuna kuti phokoso libwerere. Ndinatseka maso. Ndinaona msewu uja, milu ya tomato, ndi basi ikutulukira pakona. Ndipo ndinaimba, osati monong'ona ayi, koma mmene ndinkaimbira kuti dalaivala amve.

"Ukupita kutali, ukadya chiyani? Tsika ugule, ndikuikira basera."

Amastandi anadina. Achimwene m'wailesi anaimba mawu omwewo, osasiya ngakhale limodzi.

Zimene zinachitika sindingazifotokoze mwadongosolo. Akazi a amastandi analuluta, akumenya mbale ija ndi supuni. Amuna anga anandigwira mapewa akungoti, "Iwe! Iwe!" Wopenta anaimirira n'kuyamba kuvina, manja m'mwamba ngati akuimitsa basi, akukuwa kuti, "Msewu umenewo ndimaudziwa! Ndinagulapo tomato ameneyo! Basera lake linali lovunda!" Aliyense mwa azibambowo anali atadutsa pa msewu wa kwathu tsiku lina, ali pa windo, akuyang'ana ana otukula mabeseni. Amastandi okha ndi amene anali asanauone, koma ndi amene anafunsa zambiri. Anafuna kudziwa kuti basera n'chiyani, ndipo atauzidwa kuti ndi kowonjezera kaulere anati mawu amenewo awasunga.

Anabweza tepi, nyimbo inaliranso. Anabwezanso. Anthu a m'mabwalo oyandikana anayamba kusuzumira pa mpanda. Nyama ina inapserera osaiona. Nyimbo zotsatira zinali zabwino ndithu, ina ya maliro inatikhazika pansi tonse, koma ikatha iliyonse wina ankakuwa kuti, "Ya basi ija!"

Ndinalimba mtima n'kuwauza amastandi za uthenga wa achimwene, za gitala ndi gadeni. Anasiya kuseka.

"Kwanu foni ilipo?"

"Ili pa golosale ya pamsika. Amakaitana munthu."

"Tiyeni."

Anaika mabatire m'wailesi n'kuinyamula paphewa, iwo amene sankalola munthu kuipukuta fumbi. Tinatuluka pageti tonse, ine patsogolo, kulowera ku kontena ya mafoni imene inali pakona. Nyimbo inkalira njira yonse, ndipo ana a mumsewu anatitsatira akuvina nyimbo imene sankaimva mawu ake.

Ndinaimba foni ku golosale. Mwini wake anati atuma munthu pa njinga, tiimbenso pakapita kanthawi. Kanthawi kameneko tinakathera panja pa kontena, ndipo wopenta anaphunzitsa mayi wogulitsa malalanje kunena kuti "ima basi". Nditaimbanso, foni inangolira kamodzi.

"Halo? Mlongo?" Achimwene ankapuma mothamanga. "Wamvera? Aseka?"

"Aseka jekete."

"Ndinadziwa. Nanga nyimbo?"

Ndisanayankhe, amastandi anandilanda foni. "Wena, mfana! Ndine mastandi wa sisi wako. Kuno usabwere, wamva? Magadeni adzaza. Khala komweko uziimba. Koma wa ng'oma uja umugulire ng'oma." Anandibwezera.

"Ameneyo ndani?" anafunsa achimwene.

"Ndi eni wailesi. Achimwene, nyimbo yanga munaba."

Anaseka, ndipo kusekako kunasanduka kwina. Ndinamva akukoka mamina. "Ndinabwereka, mlongo. Zanga zonse zinali zolira. Ndinafuna imodzi yoti anthu avine, ndipo ndinakumbukira iwe ndi mabeseni ako. Wakwiya?"

"Mukanandiuza ndikanakupatsani ndime ina. Ilipo ya kondakitala."

"Ilipo? Usaiiwale! Koma phokosolo n'chiyani kumeneko? Kuli ukwati?"

Kufotokoza sindikanatha. Ndinakoka chingwe cha foni mpaka pamene chinathera, ndinatulutsa dzanja pakhomo la kontena, n'kuloza foniyo kumsewu. Amastandi anakweza wailesi mpaka kumapeto. Azibambo a m'magadeni, wopenta, akazi a amastandi, mayi wa malalanje, onse ankaimitsa basi ndi mawu amodzi. Dzanja litayamba kulema, amuna anga anandigwirira chigongono, ndipo tinakhala choncho mpaka foni inaduka.