Mkulu wa Mpingo Wosavula Jekete

Mkulu wa mpingo wathu kuno ku Nkhata Bay savula jekete, ngakhale pogula usipa padoko dzuwa likuswa mtengo. Amakonda kunena kuti, "Mtonga wosatchena ndiye kuti akudwala."

Chaka chatha anatitsogolera achinyamatafe ku Blantyre kukakonza nyumba za amayi amasiye ku Ndirande, ndipo anatiumiriza tonse kutchena. Titangofika, anthu anadzitsekera m'nyumba poganiza kuti ndife achipani ofufuza makhadi.

Mayi wina anasuzumira pawindo. "Pepani bwana, khadi langa linanyowa ndi mvula!"

"Tadzera zomwezo, amama," anatero mkuluyo. "Tikonze denga lodonthalo."

Mayiyo sanatsegulebe. Mkuluyo anausa moyo, anavula jekete n'kukwera padengapo. Pamenepo chitseko chinatseguka.

Mpaka lero tikamuseka amatiyankha mokalipa, "Koma tayi sindinavule!"