Phiko Lomwe Linagona m'Gowelo Langa

Amalume ananditengera gowelo. Ndinalimanga ndekha ndili Sitandade 7, kwathu kufupi ndi nkhalango ya Chongoni. Dothi ndinaponda ndekha, udzu ndinamweta ndekha, chitseko ndinakhoma cha zigwagwa za paini. Mwezi usanathe, amalume a Bonifasi, mlongo wawo wa amayi, anafika ndi zitini ndi mpukutu wa nsalu yoyera yonyezimira. Anazungulira nyumba yanga ngati akusankha mbuzi pamsika.

"Muno simudontha," anatero. "Tadeyo, tulutsa mphasa."

Amayi anangovomera. Mwini mbumba salimbana naye. Ine ndinabwerera kukagona kukhitchini pamodzi ndi nkhuku.

Amalumewa ankamata mabampala a galimoto ku Lilongwe ndi fayiba, nsalu ya ulusi wa galasi imene ukaipaka guluu imauma gwa ngati fupa koma n'kukhala yopepuka ngati chikho. Anthu ena oyesa tindege topanda munthu mkati, tonyamula mankhwala kupita kuzipatala zakutali, anawapempha kuti apange phiko limodzi lachitsanzo. M'tauni lendi inawakanika, ndiye anakumbukira kuti ali ndi kwawo. Anandilonjeza chinthu chimodzi: phiko likangouma, andichokera.

Choncho m'mudzi monse munalibe munthu wofunitsitsa kuti phikolo liume kuposa ine. Ndinkasuzumira pakhomo iwo akuyala nsalu m'chikombole chosema, akupaka guluu ndi bulashi, akufinya mpweya ndi supuni ya amayi. Fungo lake linkabaya m'mphuno mpaka misozi. Tiulusi take tikakugwera pakhosi tinkayabwa ngati chitedze.

Vuto linali Juni. Guluuyo anazolowera dzuwa la ku Lilongwe, chisanu chathu sankachidziwa. Nkhungu inkatsika m'phiri n'kukhala pabwalo mpaka masana. Wotsala m'chitini ankatentha yekha n'kuuma, ife ana n'kumaotherapo manja, koma phiko linkangomata ngati ulimbo wa mbalame. M'mawa uliwonse amalume ankaligusa ndi chala n'kupukusa mutu.

"Likumva kuzizira ili."

Kwathu chinthu chikamva kuzizira timachifunditsa, kaya ndi khanda, nkhalamba kapena chimera. Madzulo ena amalume atapita kumapemphero a mphakati, ndinatenga bulangete langa n'kufunditsa phikolo bwinobwino mpaka kunsonga. Ndinaphula njerwa zotentha pamoto n'kuzindanda m'mbali mwake, monga amayi ankachitira ndi agogo akadwala. Ine ndinafunda thumba la fetereza.

Kutacha phiko linali litauma. Amalume analigogoda, linalira ngati chitseko. Koma bulangete linakana kuchoka. Anakoka mbali ino, ine ndinakoka mbali inayo, tinangong'amba m'mphepete. Phiko lonse linali ndi ubweya. Ndinayembekeza kumenyedwa khofi, koma iwo anakhala pansi n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Mphwanga, wapanga mbuzi youluka."

Amayi anabwera ndi chipande m'manja. "Nanga achimwene, mwanayu azifunda chiyani?"

"Azifunda ndege, achemwali. Ena alibe."

Sabata yomweyo amalume anamanga uvuni wa njerwa kuseri kwa gowelo, wa moto wapansipansi. Phiko lachiwiri linatuluka losalala ngati dzira. Eni ntchito anabwera ndi thupi la kandegeko, anamangirirako phikolo, n'kukakaulutsa pabwalo la mpira la kusukulu kwathu. Kanalira ngati njuchi, kanadutsa pamwamba pa mitengo ya bulugamu, agalu akukathamangira, azimayi a kudimba atagwira makasu m'mwamba. Ine ndinakuwa kuposa wina aliyense. Anthu ankayesa ndikunyadira amalume. Ndinkanyadira nyumba yanga.

Madzulo ndinafika pakhomo la gowelo nditasenza mphasa. Ndinawapeza akusema chikombole china.

"Akufuna ena ambiri," anatero osatembenuka. "Tapirira pang'ono."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndadzigwetsa ndekha. Phikolo likanakanika, akanabwerera ku mabampala awo.

Pang'ono ameneyo anatalika. Anamanga chisakasa pakhonde, kenako china pamene amayi ankadzala mbatatesi. Azimayi a m'mudzi anayamba kudula nsalu ndi sizasi, anyamata kukhula mapiko ndi sandipepa, onse akuyera ngati ochokera kuchigayo. Ine ndinakana kugwirako. Sindikanatha kukhala waganyu m'nyumba yanga yomwe. Pomaliza anasamukira ku Chimbiya kutsata magetsi. Lero kuli chinyumba cha malata m'mbali mwa msewu waukulu, uvuni wamagetsi, antchito ovala zoyera ndi zotseka pamphuno. Nsalu yake tsopano ndi yakuda, ndipo mapiko amapita kunja m'mabokosi.

Ine sukulu inandikana ndili Fomu 2. Chaka chatha njala itandipana ndinapitako kukafunsa ntchito. Mtsikana wa paofesi anandifunsa satifiketi ya Fomu 4. Pamwamba pa mutu wake, pakhoma, panapachikidwa phiko laubweya lija. Akuti alendo amawasonyeza limenelo powauza mmene fakitale inayambira. Amalume anatuluka, anandigulira chipisi, n'kunena kuti malamulo olembera antchito ndi a ogula mapiko, si awo.

Gowelo anandibwezera ndili ndi ndevu kale. Ndimagonamo mpaka pano. Pansi pake panagwera guluu wambiri moti pamawala ngati galasi, ndipo chiswe chinalephera. Ana a masiku ano samanga magowelo, ndiponso kandege kakamadutsa sakweza n'komwe mutu. Ine ndimakweza, ndimakatsata ndi maso mpaka kalowe m'nkhungu, ndipo nthawi zina ndimapezeka ndikuseka ndekha.

Ntchito yawo akhale nayo. Koma amalume akudziwa chomwe chatsala pakati pathu: bulangete limodzi, lotuwa, la mizere yofiira. Juni wayandikira.