Phewa la a Kireni

Dzina loti Kireni, la chimakina chonyamula zolemera chija, anawapatsa anzawo kunyumba yosungiramo katundu, kumene ananyamula matumba a simenti zaka makumi atatu. Atapuma pantchito sanapume kwenikweni. Akazi awo anafa ziwalo mbali imodzi, ndiye kunyamula kuja kunangosamukira kunyumba: kuwachotsa pabedi kuwakhazika pampando, pampando kupita kubafa, kubafa kubwerera pabedi, kasanu patsiku. Ankakonda kunena kuti mayiwo ngopepuka kuposa thumba, kungoti thumba silidandaula.

Kenako phewa lakumanja linayamba kupweteka, mpaka malaya ankavala molumata mano. Mwana wawo wamkazi, mphunzitsi wokhala m'tauni ina, ataona zimenezi sanazungulire. Anati tsiku limene bambo adzalephere kunyamula mayi, iye adzawatenga mayiwo. Kwake kunali kachipinda kamodzi kotsala, kokwana bedi la munthu mmodzi, ndipo onse atatu ankadziwa tanthauzo lake.

Kuchipatala dokotala anawakhazika a Kireni pampando, nayendetsa kachipangizo kozizira pamwamba pa phewa maso ali pa kanema, kenako nabaya jekeseni pafupi ndi mtsempha umene umatengera ululu kumutu. Anafotokoza kuti jekeseniyo imangogoneka mtsempha, koma mnofu wong'ambika mkatimo siisoka. Masabata opanda ululuwo, anatero, ngochitira timasewera towongola mkono, osati kunyamula zolemera. A Kireni ankangogwedeza mutu, ulemu wokhawokha, koma mawu akulowa uku n'kutulukira uko.

Jekeseni inagwira, tisanamizane. Mawa lake munthu anavala malaya akuimba mluzu. Pepala la timasewera analipinda kanayi n'kuchirikiza mwendo wa tebulo umene unkagwedera, ndipo ananyamula akazi awo monga kale miyezi itatu yathunthu. Ululu utabwerera anakabayitsa yachiwiri. Yachitatu anakabayitsa kutatsala masiku awiri kuti mwana abwere kudzawaona.

Mwana atafika anaima pakhomo la chipinda manja atapinda. A Kireni analowetsa mkono pansi pa msana wa akazi awo monga mwa masiku onse, nkhope ili myaa, n'kukoka. Ululu panalibe. Koma mkono sunakwere. Anayesanso, mayi anangosuntha pang'ono n'kubwerera papilo. Mayiwo sanadabwe, paja kwa masabata angapo ankadzikoka okha ndi dzanja lawo labwino pakolala ya amuna awo, osanena kanthu.

"Zikupweteka, bambo ake?" anafunsa mayi.

"Ayi, ngakhale pang'ono."

"Ndiye basi, musayesenso. Mungandigwetse pamaso pa mwana."

Loweruka lomwelo mwana ndi mwamuna wake ananyamula mayi awiriawiri kukawaika m'galimoto. A Kireni anangopatsidwa chikwama cha mankhwala kuti agwirizire, ndipo anachigwira ndi dzanja lamanzere. Zinawawawa kwambiri mumtima, koma anatseka chitseko cha galimoto bwinobwino n'kuwauza kuti ayende pang'onopang'ono pa mabampu.

Patapita sabata ziwiri anapita kuchipatala pa tsiku limene anawalembera. Dokotala anawafunsa kuti ululu uli pati, kuyambira pa ziro mpaka khumi. Anati uli pa ziro. Dokotala anasangalala, nalemba m'buku kuti jekeseni yagwira bwino kwambiri, nawakumbutsanso kuti asamanyamule zolemera.

"Musadandaule, adokotala," anatero a Kireni akumanga mabatani. "Kunyumba kulibenso chonyamula."