Belita ndi Injini ya Chigayo

Belita wa kwa Chiwalo anakulira m'chigayo cha bambo ake, a Sitima. Anzake akamasewera phada, iye ankapatsira bambowo masipanala. Iwo atamwalira, patangopita nthawi pang'ono chiyambireni zipani zambiri, injini inagwira osazunguliranso, chigayo n'kutsekedwa. Amayi a m'mudzimo anayamba kusenza chimanga mpaka kwa Nazombe.

Dyson, mlongo wake wa Belita, ankafuna kugulitsa injiniyo kwa osula makasu, koma Belita anakana. Anapalasa njinga kukatenga a Tobias, makaniko wachikulire wa ku Migowi.

A Tobias anamasula zonse mpaka kutsala buloko, thunthu lenileni la injini. Atapisa chala m'bowo la pisitoni, chinatuluka chili bii.

"Mayi, zitsulo zatsopano sindingaziike m'matope muno," anatero. "Komanso ngati pansi pa litsiroli pali mng'alu, tavutika chabe."

"Inu kafuneni zitsulozo, bambo," anayankha Belita. "Kutsukaku ndisiyireni."

Dyson, uku akung'ung'udza, anamuthandiza kunyamula bulokoyo n'kuikhazika mu mgolo wodula pakati. Belita anathiramo palafini kuti oilo wouma afewe. Kenako anapala ndi mpeni wakutha, n'kukwecha ndi bulashi ya waya. Timabowo todutsa oilo anatitokosa ndi sipoko ya njinga, akumauzira ndi pampu. M'kabowo kena munatuluka dothi limene mavu anamatamo. Zala zinasupuka, koma sanaleke.

Amayi ena podutsa ndi mitolo ya nkhuni zochokera kuphiri la Michesi ankamuseka. "Belita, ntchito ya amuna imeneyo!"

"Sekani, koma chimanga chanucho muyambe kupeta," ankatero osadzutsa mutu.

Pomaliza anatsuka ndi madzi otentha a sopo, anaumitsa padzuwa, n'kupaka oilo watsopano kuti dzimbiri lisagwire.

A Tobias atabwera, anaitembenuza bulokoyo mbali zonse, akuyendetsa chikhadabo paliponse. Mng'alu panalibe. Anavula jekete n'kuyamba kumanga.

Tsiku loliza injiniyo, Dyson yemweyo ndiye anapukusa chogwirira. Injini inatsokomola, inalavula utsi wakuda, kenako inayamba kugunda bwinobwino. Belita anaimirira pambali akumvetsera, ndipo anauza a Tobias kuti lamba walendewera. Lambayo Belita anamumanga yekha.

Kuyambira pamenepo chigayo ankayendetsa ndi iye, ndipo eni zigayo ena injini zikawafera ankabwera nazo pangolo kuti Belita ayambe wazitsuka.