Mtsogoleri Wobedwa Mawu

Ndinayamba sukulu imvi zitandidzaza kale m'mutu. Nthawi imeneyo ndinali mlonda panyumba ina yosungiramo katundu ku Matundo, ndipo masana ndikadzuka ndinkangokhala pansi pa msawu, kumeza fumbi la magalimoto a malasha. Amene anandikokera kusukuluko ndi alamu anga, mlongo wake wa malemu mkazi wanga. Tonse tinachokera ku Angonia, tonse tinakulira kubusa, tonse tinkasayina ndi chala. Iwo ankamata matayala m'mbali mwa msewu wopita ku Moatize.

"Alamu, tiyeni tikaphunzire," anatero tsiku lina. "Mukadzafa adzakulemberani dzina la munthu wina pamanda, inu osadziwa."

"Wakufa amawerenga?"

"Inu ngakhale mutadzuka simungazindikire."

Tinkaphunzirira m'chisakasa kuseri kwa tchalitchi, dzuwa litapendeka koma malata akali kuwotcha ngati chiwaya. Munali anthu osiyanasiyana: mayi wachisilamu wogulitsa nsalu, mkulu wina Mnyungwe wopalasa bwato, mkazi wa dalaivala wochokera ku Malawi, ndi ena. Aphunzitsi athu anali mtsikana wamng'ono kwa mwana wanga woyamba, koma tonse tinkati a pulofesora. Chaka choyamba tinalimbana ndi zilembo. Chaka chachiwiri tinapatsidwa mabuku onena za kusamba m'manja ndi kukumba chimbudzi, ndipo ndi kutentha kuja anthu ankawodzera buku lili m'manja.

Ndiye tsiku lina a pulofesora anabwera ndi mtolo wokulungidwa m'chitenje, chimene kuno timati kapulana. Anali mabuku akale a mchimwene wawo, a mapepala achikasu, onunkha mphemvu. Tsamba lililonse linali logawidwa timabokosi ngati mazenera, m'bokosi muli chithunzi, ndipo mawu a Chipwitikizi ankatuluka pakamwa pa munthu ali m'kathumba koyera ngati thovu. Nkhani yake inali ya achinyamata asanu a sukulu imodzi, amene mzinda ukagwa m'mavuto ankavula yunifolomu n'kuvala zina. Mtsogoleri wawo anali mnyamata woonda amene ankaitana mphepo. Panali mtsikana wothamanga pa mawaya a magetsi, wina wakumva ngakhale nyerere ikuyenda kutsidya kwa mtsinje, ndi kamnyamata kanthabwala kobisala mumthunzi wa anthu. Wachisanu anali chimnyamata chachikulu, khungu lake ngati khungwa la mlambe.

Tulo tinatha tsiku lomwelo. A pulofesora anasankha anthu asanu a pabenchi lakutsogolo, aliyense n'kumupatsa wake woti azimuwerengera mawu. Alamu anapatsidwa mtsogoleri. Ine ndinapatsidwa chimlambe.

Chimnyamata chimenechi chinkanyamula mabasi ndi dzanja limodzi, koma pakamwa chinali chouma. Tsamba lonse chinkangoti "Sim," ndiye kuti inde. Chikalankhula kwambiri, "Pronto," kutanthauza kuti zatheka. Palibe amene anandiuza chifukwa chimene anandipatsira chimenechi, komanso panalibe wosadziwa. Ine ndinkawerenga ngati ngolo yokwera chitunda. Alamu ankangoyenderera. Zaka zonse zija akusisita zilembo za pamatayala, kani zinkawalowa m'zala. Akafika pamene mtsogoleri akulamula anzake, ankakweza dzanja, mawu n'kukhuthala, amayi n'kumaseka akugwirana mapewa. Posakhalitsa kalasi yonse inayamba kuwatchula kuti shefi, ndiye kuti bwana. Ngakhale mkulu wa bwato uja, amene sankaseka ndi munthu, ankawasungira malo.

Ndinasiya kukamwa tiyi pamatayala pawo. Ndinayamba kuona zinthu zimene kale sindinkaziona: kuti amatafuna mokuwa, kuti amanyowetsa chala ndi malovu ambiri potsegula tsamba, kuti malaya awo abwino aja ndinawapatsa ndine. Ndikamayembekezera "Sim" wanga, chala chili pakathumba kuopa kundidutsa, ndinkapemphera kuti apunthwe pa liwu limodzi lokha. Akapunthwa ankaseka okha, anthu n'kuwakonderanso pomwepo.

Mwina zikanathera pamenepo. Koma chakumapeto kwa chaka a pulofesora anati padzakhala tsiku loti achibale adzabwere kudzatimva tikuwerenga, pamodzi ndi mlendo wochokera ku ofesi ya maphunziro. Potuluka alamu anandigwira pamkono.

"Mwana wathu ndamuuza kale. Akuti atseka benchi lake, abwera."

Mwana wathuyo ndi mwana wanga woyamba, wamkazi. Amagulitsa nsomba zouma pamsika wa m'dera lotchedwa Samora Machel, kutsidya kwa Zambezi, ndipo ali ndi ana akeake. Ndalama amawerenga bwino kuposa ine, koma pepala lakuchipatala amapita nalo kwa anansi. Anasiya sukulu ali m'kalasi yachiwiri, mayi ake atayamba kudwala, n'kumakagulitsa madzi kwa madalaivala pamzere wa magalimoto pamlatho wa Zambezi. Amene ananena kuti asiye ndine. Alamu anabwera, anakhala pakhonde panga masana onse akukana, ine n'kuwauza kuti kuno ndi kutauni, malume salamula m'nyumba ya mwini. Nkhaniyo sitinaikambenso, ine ndi iwo, kapena ine ndi mwanayo. Imangokhala nafe ngati mlendo amene anaiwala kutsanzika.

Ndinkafuna kuti mwana ameneyu andimve ndikuwerenga. Sindinganene kuti zikanamubwezera chiyani. Koma kuti awoloke Zambezi, adzakhale pansi, aone amalume ake akulamula mphepo, bambo ake ali pambali akudikira kunena "Sim", zimenezo zinandikanika kumeza.

Ndili ndi khutu la kubusa. Nyimbo ndikaimva kawiri ndaigwira. Buku limene tinkabwereza nthawi imeneyo ndinali nditalimva kambirimbiri, ndipo mawu onse a mtsogoleri anali m'mutu mwanga, ndi malo omwe alamu ankapumira. Tsiku lina ndinaimika dzanja n'kupempha kuti ndiyeseko mawu a mtsogoleriyo. Ndinagwira buku, chala chikuyenda pansi pa mizere, pakamwa pakutuluka za m'mutu. Ndinamaliza masamba angapo osapunthwa. Amayi anawomba m'manja. A pulofesora anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana chala changa.

"Apatseni mtsogoleriyo, a pulofesora," anatero alamu. "Mphepo ali nayo kale m'mimba awa, ndimagona nawo pamaliro ndimadziwa."

Chisakasa chonse chinagwa ndi phwete.

"Nanga inu, shefi?"

"Ine ndinyamula mabasi. Ndinazolowera matayala."

Anapereka ngati akupereka fodya wa pamphuno. Ndinkayembekezera kuti alimbalimba, kuti ndiwalande. Kupereka kosavuta kumeneko kunandipweteka kuposa kundimana.

Sabata yotsatira a pulofesora ananena, maso ali pabolodi, kuti pa tsikulo tidzawerenga buku lina la achinyamata omwewo limene sitinalionepo, kuti alendo adzaone anthu akuwerenga, osati akuimba. Anafunsa ngati alipo wofuna kusintha. Alamu anandiyang'ana cham'mbali, osaseka, ndipo ndinadziwa kuti ndikangotsokomola adzanditula katunduyo popanda kundichititsa manyazi. Chifukwa cha chimenecho sindinasinthe. Masiku otsalawo ndinawerenga chilichonse chimene ndinakumana nacho: matumba a simenti, zolemba za pamaminibasi amene timati shapa, zitini za mafuta. Lilime linkalemerabe.

Tsikulo linafika mvula isanayambe, kumwamba kuli mbuu. Mwana wanga anatsika shapa atavala kapulana ya malemu mayi ake. Anandipatsa moni atapinda maondo, "Ababa, mwaswera bwanji?" Kenako anatembenukira kwa amalume ake n'kuwamenya paphewa akuseka, "Inu, mwameta ndevu chifukwa cha sukulu?" Anakhala kutsogolo penipeni.

Tinaimirira asanu, aliyense atapatsidwa mapepala ake. Patsamba loyamba mtsogoleri anali pamwamba pa denga la sukulu, dzanja m'mwamba, akunena mawu amene amanena m'buku lililonse poitana anzake. Amenewo, otanthauza kuti tiyeni pamodzi, ndinawazindikira ndi maonekedwe okha. "Vamos, juntos!" Ndinakuwa mpaka mlendo wa ku ofesi anadzidzimuka. Ndinatsegula tsamba lachiwiri.

Panatulukira mdani, nkhalamba yonyamula botolo lalikulu, ndipo mawu ake ankawerenga a pulofesora. Botololo linkayamwa mawu a anthu. Nkhalamba inalitsegula pamaso pa mtsogoleri. M'bokosi lotsatira mnyamata wanga anali atayasama, mitsempha ya pakhosi ili tolotolo, kathumba koyera kali pamwamba pake. M'kathumbamo munalibe kanthu.

Ndinayang'ana tsamba linalo. Mopanda kanthu. Linanso, chimodzimodzi.

Choyamba chimene ndinamva ndi mpumulo, sindikana. Ndinati Mulungu wandibisa. Koma ndisanamalize kupuma, chimlambe chinayamba kulankhula.

Buku lonselo linali lake. Anzake atasowa wowalamula anatembenukira kwa icho, ndipo icho chinafotokoza chifukwa chimene chimakhalira chete: chili chaching'ono chinalira mokweza, khoma la nyumba n'kugwera galu wake, ndipo kuyambira pamenepo chinkaopa pakamwa pake. Tsopano mawu okhawo amene akanaswa botolo anali ake. Timatumba take tinali todzaza mpaka m'mphepete. Alamu anawerenga zonsezo asanazionepo. Pa liwu lina lalitali anaima, anabwerera, analidula pakati, analilumikiza, anthu onse atagwira mpweya, ndipo atalitulutsa mayi wa nsalu uja analuluta. Pa nkhani ya galu mawu awo ananjenjemera. Sankachita dala. Ndimawadziwa akamachita dala.

Ine ndinangoima ndi mapepala anga, kutsegula tsamba anzanga akatsegula. Ndinayang'ana mwana wanga. Anali atagwira pakamwa ndi nsonga ya kapulana, misozi ikutsika, akusekanso. Maso ake sanachoke pa amalume ake. Pamene chimlambe chinakuwa, alamu anabangula mpaka mbuzi zimene zinali pamthunzi panja zinabalalika, ana n'kuthamangira kukaziona.

Botolo linang'aluka koma silinasweke. Patsamba lomaliza mnyamata wanga anali akali chiyasamire, ndipo pansi pakona panali liwu limodzi laling'ono lonena kuti nkhani ikupitirira. Limenelo ndinaliwerenga ndekha, chilembo ndi chilembo, mumtima. Palibe anamva.

Panja anthu anaunjikana pa alamu. Atandiona anadzipatula, akupukuta thukuta ndi chipewa.

"Alamu, lero mwawerenga bwino zedi. Simunalakwitse ngakhale pamodzi."

"Chokani apa, chimlambe inu."

"Ayi ndithu, pa kuyasama paja munachita kufanana naye."

Mwana wanga anafika akupukuta m'maso. "Amalume, kani munkatibisira! Galu uja wandiliza ine." Kenako anandiona, n'kutsitsa mawu monga amachitira akamalankhula nane. "Ababa, mwatopa ndi kuimirira. Khalani pansi."

Mawu amene ndinalandira tsiku limenelo ndi amenewo.

A pulofesora ndinawafunsa pambuyo pake ngati ankadziwa zimene zinali m'bukumo. Anati pa mabuku amene tinali tisanawerenge linatsala limenelo lokha. Mwina n'zoona. Lotsatira lake mchimwene wawo analibe. Ndinawoloka mlatho kangapo kukafunsa kwa anyamata oyala mabuku akale pansi m'tauni, ndikufotokoza za botolo ndi za mnyamata woyasama, iwo n'kumandionetsa ena a anthu ouluka amene sindinkawadziwa. Sindinalipeze. Kwa ine mtsogoleri uja mpaka lero sanabwezeredwe mawu.

Chaka chotsatira mwana wanga analembetsa sukulu ya akuluakulu kwawo ku Samora Machel. Sanandiuze ine. Ndinamva kwa alamu, amene ananena akupopa tayala, osandiyang'ana. Lamulungu lililonse mwanayo akatuluka m'tchalitchi ankakwera shapa ndi buku lake n'kutsikira pamatayala. Kuchokera pamsawu panga pamaoneka bwinobwino. Ndinkawaona awiriwo atakhala pa tayala la thirakitala, mitu itagundana, ndipo kwa ine ankafika dzuwa litapita, kudzasiya nsomba ndi moni.

Lamulungu lina anafika msanga, nkhope itakwinyika. Anakhala pamphasa n'kuponya buku pakati pathu.

"Amalume amathamanga. Ndisanafike pakati pa liwu andimalizira kale. Ndikati dikirani, akuseka."

Anakankhira bukulo kwa ine.

"Inu mumachedwa ngati ine. Tawerengani apa."

Sindinadziwe ngati kunali kundiyamika. Ndinatenga bukulo. Linali lomwe lija la kusamba m'manja. Ndinaika chala pansi pa mzere woyamba, iye anaika chake pambali pa changa, chonunkha nsomba, ndipo ndinayamba kukoka ngolo yanga pachitunda, mokweza. Pa liwu lachitatu ndinapunthwa. Anandidikira. Pa lachisanu tinapunthwa tonse, ndipo tinakhala pamenepo mpaka tinalitulutsa. Tsamba limodzi linatitengera mpaka mthunzi wa msawu unafika pamsewu.

Kuyambira pamenepo amabwera masabata ambiri. Tsopano akuwerenga kundiposa, ndipo ndaona kuti nthawi zina amachedwa dala. Za kale zija sitinakambebe.

Koma shapa ikaima, amatsikirabe pamatayala poyamba. Ndimamva kuseka kwawo kuchokera pano, kuseka kumene ine sanandisekerepo. Akafika kwa ine n'kumasula nsomba, ndimathokoza, ndimaika m'nyumba. Madzulo ndimayenda pang'onopang'ono kupita kwa alamu ngati ndikukacheza, n'kusuzumira m'mbale mwawo kuti ndione ngati nsomba yawo ili yaikulu kuposa yanga.